Mlandu wa Kanjedza sunawole

Chaka chilichonse pa 3 Malichi timamva mawu omwewo. Akuluakulu a boma amakhamukira ku Nkhata Bay, amaika nkhata za maluwa pachipilala, abusa amapemphera, kenako wina amaimirira n'kutiuza kuti Amalawi ndife okonda mtendere, choncho tikhululukirane, tisiye zakale, tiyang'ane chitukuko. Ine mawu amenewa anandikwana. Tikhululukire yani? Ndani anafika pakhomo pathu n'kunena kuti ndine ndinawombera, ndine ndinamanga bambo anu, ndine ndinalanda munda wa agogo anu? Boma la Britain silinanenepo. Boma lathu lomwe, kaya lili m'manja mwa chipani chiti, lakhala likuizemba nkhaniyi. Akutikakamiza kukhululuka wolakwa asanapepese, mpaka ena a ife tafika pomaona ngati kufunsa funsoli n'kupanda mwambo.

Tiyambire pafupi, kuno ku Blantyre, chifukwa ambiri amaganiza kuti za 1959 zinachitikira kunyanja kokha. Amene mumakwera minibasi kuchokera ku Limbe kulowera ku Zingwangwa kapena ku Chilobwe mumamva kondakitala akufunsa ngati alipo otsika pa Kanjedza. Kwa ana athu Kanjedza ndi siteji, ndi dera la nyumba, ndi sukulu yophunzitsira apolisi. Koma mu 1959 pa Kanjedza panali msasa wotchingidwa ndi waya, momwe atsamunda anaunjika amuna amene anawagwira m'maboma osiyanasiyana a dziko lino.

M'bandakucha wa pa 3 Malichi chaka chimenecho, gavanala Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pangozi ndipo malamulo a masiku onse aima. Apolisi ndi asilikali, ena obwereka ku Southern Rhodesia, anagogoda m'makomo anthu ali m'tulo. Dr Hastings Kamuzu Banda anawagwira kunyumba kwawo ku Limbe ali m'zovala zogonera, n'kuwaulutsira kundende ya Gwelo, komwe lero timati Gweru. Masauko Chipembere ndi Dunduzu Chisiza anakhala nawo konko. Mayi Rose Chibambo, amene nkhope yawo timaigwira m'manja tsiku ndi tsiku pa K200, anawatengera kundende ya Zomba ali ndi khanda. Anthu oposa 1,300 anatsekeredwa osazengedwa mlandu, ndipo ambiri mwa iwo sanali atsogoleri otchuka. Anali aphunzitsi, makalaliki, amisiri, alimi, anthu amene mlandu wawo unali kukhala ndi khadi la Nyasaland African Congress ndi kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Amenewa ndi amene anadzaza Kanjedza, ndipo amene anatulukamo anafotokoza za kumenyedwa ndi kunyozedwa kumene anakumana nako.

Tsiku lomwelo ku Nkhata Bay khamu linasonkhana padoko, likufuna abale awo amene anawatsekera m'sitima ya Mpasa. Asilikali anawombera. Lipoti la boma linati anafa pamenepo ndi anthu 20, koma abale a malemuwo amawerenga oposa 30. M'dziko lonse, mwa kuwerenga kwa atsamunda eni ake, anaphedwa anthu pafupifupi 50.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi zimene zinatsatira. London inatumiza woweruza wake, Patrick Devlin, kuti adzafufuze. Sanali munthu wa Congress, sanali mnzake wa Kamuzu, anali jaji wolemekezeka wa ku England. Lipoti lake linatuluka mu Julayi 1959. Linapeza kuti panalibe umboni wogwirika pa nkhani imene boma linkafalitsa, yoti Congress inapangana pamsonkhano wa kutchire mu Januwale kuti iphe azungu, amwenye ndi mafumu tsiku limodzi. Linapeza kuti asilikali ndi apolisi anagwiritsa ntchito nkhanza zosaloledwa ndi lamulo, kumenya anthu ndi kutentha nyumba. Linanenanso poyera kuti Nyasaland inasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, momwe munthu sakanatha kuyankhula zokomera Congress n'kugona mwamtendere. Boma la Harold Macmillan linatani? Linakana mfundo zikuluzikulu za lipotilo, linakonza kalata yotsutsa m'dzina la Armitage, ndipo nyumba ya malamulo ya ku London inavota kuikira kumbuyo boma. Ndiye kuti mlandu unazengedwa ndi jaji wawo, umboni unaperekedwa, cholakwa chinapezeka, koma wolakwa anangodzuka n'kuchoka pabwalo. Kuchokera tsiku limenelo sanabwererenso. Mu 2015 abale a anthu amene anafa ku Nkhata Bay anapempha boma la Britain chipukuta misozi, ndipo akudikirabe.

Koma 1959 ndi chipatso chabe. Muzu wake uli m'nthaka, ndipo aliyense wokhala m'makomboni a mzinda uno akuupondaponda. Funsani agogo a ku Bangwe, ku Ndirande kapena ku Machinjiri kuti kwawo n'kuti. Ambiri adzakuuzani kuti ku Thyolo, ku Mulanje, ku Chiradzulu, ku Phalombe. Afunseninso chimene anachokera kumeneko. Yankho limakhala limodzi: malo anachepa.

Malo sanachepe okha. Cha m'ma 1892 ndi 1893 Harry Johnston, amene ankayendetsa dziko lino m'malo mwa Britain, anapereka zikalata zotsimikizira kuti minda imene azungu amati anagula kwa mafumu ndi yawodi. Ambiri anagula ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga, kwa mafumu amene mwa mwambo wathu analibe mphamvu yogulitsa nthaka ya anthu awo. M'mapiri a Shire mokha maekala oposa 800,000 a nthaka yachonde anapita m'manja mwa anthu ochepa, monga Eugene Sharrer, John Buchanan ndi kampani ya A. L. Bruce ku Magomero. Munthu amene anabadwira pamalopo anadzuka m'mawa n'kuuzidwa kuti ndi mlendo, ayenera kulipira lendi. Lendiyo inali thukuta lake. Ndiyo thangata ija: mwezi wogwira ntchito ya lendi, mwezi wina wa msonkho wa nyumba, miyezi imene kapitawo ankaitalikitsa mmene wafunira, ndipo nthawi yake inali ya dzinja, pamene munda wa mwini wake ukufuna khasu. Chikoti chinali pafupi. Alomwe amene anathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique ndi amene anasenza goli lolemera kwambiri, chifukwa analibe kwina kothawira.

Asanene kuti nthawi imeneyo sankadziwa kuti n'kulakwa. Mu 1903 jaji Joseph Nunan, akuweruza mlandu konkuno ku Blantyre, anadzudzula mchitidwewu kuti unali wopanda chilungamo kwa eni nthaka. Mu 1915 John Chilembwe anaukira, anaphedwa pa 3 Febuluwale, tchalitchi chake cha ku Mbombwe anachiphulitsa, ndipo omutsatira oposa 30 anaweruzidwa kuti aphedwe. Mu 1953 anthu a ku Thyolo anaukiranso ndipo magazi anakhetsedwa. Thangata inadzatha mwalamulo mu 1962. Zaka 70 zathunthu, akudziwa.

Mzinda wa Blantyre nawo unamangidwa pa maziko omwewo. Pakati pa tauni panali pa azungu ndi amwenye, ndipo wantchito wakuda ankagona kunja kwa malire, m'midzi ngati Ndirande, n'kumayenda wapansi m'mawa kupita ku Mandala. Kukhala mothithikana kumene tikuona lero kunayamba pamenepo. Mukakwera basi ya ku Thyolo mudzaona tiyi wobiriwira atayala mpaka pamene maso alekera, ndipo m'mphepete mwake nyumba zili mothithikana, banja lonse likudalira kamunda kotsetsereka kosakwana theka la ekala. Mwana wa m'banja limenelo akakula amabwera kutauni, sapeza puloti, amakakumba phiri la Soche kapena la Ndirande n'kumangapo kanyumba. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy atagumula phiri la Soche, matope anakwirira anthu otere ku Chilobwe. Sindikunena kuti Johnston ndiye anagwetsa mvula. Ifenso tachulukana, ndipo makhonsolo athu alephera kugawa malo mwadongosolo. Koma amene akufuna kumvetsa chifukwa chake mmphawi wa ku Blantyre amagona pamalo pamene ngakhale mbuzi imayenda mosamala, ayambire pa zikalata za 1892. Vincent Wandale atayamba kufuna kuti eni minda ya tiyi alipire anthu a ku Thyolo ndi Mulanje chifukwa cha thangata, tinamuseka chifukwa cha zolengeza dziko lakelake. Njira yake inali yolakwika. Funso lake lokha palibe amene analiyankha.

Maiko ena anafikapo pogwada, ngakhale ena anagwada bondo limodzi. Pa 13 Febuluwale 2008 nduna yaikulu ya Australia, Kevin Rudd, anaimirira m'nyumba ya malamulo n'kupepesa kwa eni nthaka a dzikolo chifukwa cha ana amene boma linkawalanda kwa makolo awo. Chaka chomwecho Stephen Harper wa ku Canada anapepesa chifukwa cha masukulu ogonera komweko amene ankazula ana pachilankhulo ndi pachikhalidwe chawo. Mu 2021 Germany inavomera kuti zimene inachita kwa Aherero ndi Anama ku Namibia kunali kufuna kufafaniza mtundu, n'kulonjeza mayuro 1.1 biliyoni pa zaka 30. Atsogoleri ambiri a mitundu iwiriyo anakana, chifukwa maboma awiri anapangana okhaokha, eni maliro ali panja. Phunziro limenelo tilisunge.

Chitsanzo chimene chikutikhudza kwambiri ndi cha Kenya, chifukwa wolakwa ndi yemweyo, ndipo zaka zake ndi zomwezo. Nkhalamba zochepa zimene zinazunzidwa m'misasa nthawi ya Mau Mau zinakasuma kukhoti ku London. Mlanduwo uli mkati, mu 2011, boma la Britain linakakamizika kuvomera kuti linabisa mafayilo zikwizikwi a maiko amene linkalamula, kumalo otchedwa Hanslope Park, ndipo ena mwa mafayilowo anali a Nyasaland. Mu Juni 2013 nduna ya zakunja William Hague anauza nyumba ya malamulo kuti boma likumva chisoni ndi nkhanzazo, ndipo linalipira mapaundi 19.9 miliyoni pa mlandu wa Akenya 5,228. Linalipiranso chipilala cha chikumbutso ku Nairobi. Mawu a Hague anasankhidwa mosamala kuti boma lisavomere mlandu mwalamulo, ndipo Mfumu Charles atapita ku Kenya mu 2023 analankhula za chisoni osafika popepesa. Komabe Akenya anapeza kanthu, ndipo anakapeza chifukwa anaumirira. Sanadikire kuti mtima wa London ufewe wokha.

Ndikudziwa zimene ena akunena kale. Akuti Britain amatithandiza chaka ndi chaka, tingakamufunsenso ngongole? Thandizo ndi mphatso, woipereka amaipereka akafuna n'kuiimitsa akafuna. Tinaziona mu 2011 boma la Bingu wa Mutharika litathamangitsa kazembe wawo Fergus Cochrane-Dyet, tinazionanso mu 2013 nthawi ya Cashgate. Ngongole ndi ina: imatchulidwa dzina, imavomerezedwa, ndipo wolandira sayenera kuwomba m'manja. Ena akuti tiwononga ubale wathu, makamaka ndi anthu a ku Scotland. Ayi. Mu 1959 mpingo wa Church of Scotland unali m'gulu la amene anadzudzula chitaganya ndi kumangidwa kwa anthu athu. Ubale umene unapirira choonadi nthawi imeneyo sungasweke lero chifukwa cha choonadi chomwecho. Enanso akuti amene anachita zimenezo anafa kale. Anthu anafadi, koma boma silifa. Ngongole imene boma lathu linatenga m'nthawi ya Kamuzu inasenzedwa ndi maboma otsatira, ndipo palibe banki ya kunja imene inavomera yankho loti wosaina uja anamwalira. Ngati ngongole ya ndalama imadutsa mibadwo, ya magazi ilekerenji? Makolo athu anati mlandu suwola.

Tsopano nditembenukire kwathu, chifukwa apa ndi pamene andale athu amayamba kuyang'ana pansi. Sitingapite ku London ndi nkhope yowala kukafuna chipepeso pamene boma lathu likukhalira mafayilo a anthu amene linawazunza lokha.

Amene munakula m'ma 1970 ndi 1980 mukukumbukira mmene tsiku la 3 Malichi linkakhalira. Palibe kulima, palibe kusinja, palibe kuseka mokweza, wailesi ya MBC ikuimba nyimbo zachisoni ndi kuulutsa sewero la Chilembwe, anyamata a chipani akuzungulira m'makwalala kuona amene waphwanya lamulo. Tinkalira mokakamizidwa, koma sitinkauzidwa kuti tikulira ndani. Nkhani ya 1959 inasanduka nkhani ya munthu mmodzi. Nduna zitasemphana ndi Kamuzu mu 1964, mayina a Chipembere, Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Yatuta Chisiza ndi Rose Chibambo anasanduka oletsedwa, ndipo ena amene anagona pa Kanjedza chifukwa cha ufulu anadzagonanso ku Dzaleka ndi ku Mikuyu ufulu utabwera. Lamulo lotsekera munthu osamuzenga mlandu, limene tinalitemberera m'manja mwa Armitage, tinalitola n'kulinola.

Makomboni a Blantyre anaona zambiri. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu pafupifupi 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo, ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, ndipo mzinda wonse unkagona ndi mantha. Munthu mmodzi, Walla Laini Kawisa, anaweruzidwa kuti aphedwe. Nduna ina, Gomile Kumtumanji, inamangidwa n'kufera kundende. Mpaka lero akuluakulu a ku Chilobwe ambiri sakhulupirira kuti nkhaniyo inafotokozedwa yonse. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 anachotsedwa ntchito, kumenyedwa, nyumba kutenthedwa, amayi kugwiriridwa, chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mozambique. Amene ankawamenya sanachokere ku London, anali anansi awo. Lamulo lolanda katundu la 1966 linasiya mabanja ali manja lende, nyumba ndi masitolo zitatengedwa popanda khoti. Mu Meyi 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza, dziko n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo. Mu Meyi 1992 sitalaka imene inayambira kufakitale ya nsalu ya David Whitehead inafalikira mumzinda, apolisi anawombera, ndipo anafa anthu pafupifupi 40. Ambiri anali anthu wamba a m'makomboni omwewa, ndipo ndi iwo amene anatsegula njira ya riferendamu ya 1993. Ndani angatchule mayina awo, ngakhale asanu okha?

Wina adzati Kamuzu anapepesa. Zoonadi, mu Januwale 1996, khoti litangowapeza osalakwa pa mlandu wa ku Mwanza, anatulutsa uthenga wopepesa, ndipo sindikufuna kuuchepetsa, chifukwa atsogoleri ambiri a mu Africa sanafike ngakhale pamenepo. Koma uthengawo unali womangidwa pa mawu akuti ngati: ngati alipo amene anavutika, mwina kudzera mwa anthu amene ankagwiritsa ntchito dzina lawo. Sunatchule munthu, sunatchule malo, sunatchule chimene chinachitika. Komanso panthawiyo anali atachoka kale pampando. Analankhula ngati nkhalamba payokha, pamene amene anamanga anthu ndi boma, ndi apolisi ake, ndende zake ndi malamulo ake.

Malamulo aakulu a dziko a 1994 anayesa kukonza zimenezi. Anakhazikitsa bwalo la National Compensation Tribunal kuti limve madandaulo a anthu amene anazunzidwa ndi boma lakale n'kuwapatsa chipukuta misozi, ndipo analipatsa zaka 10. Anthu oposa 20,000 analembetsa. Boma silinalipatse ndalama zokwanira. Ena analandira kandalama koyambira n'kuuzidwa kuti zotsala zibwera, ochepa kwambiri analandira zonse, ndipo ambiri sanalandire ngakhale tambala. Zaka 10 zitatha bwalolo linatsekedwa madandaulo ali mulu. Anthu amenewa alipo m'makomboni mwathu. Mudzamuona mayi wokalamba akutulutsa m'chikwama jumbo yomanga mfundo, mkati mwake muli pepala lopindapinda mpaka m'mipindo mwang'ambika, chidindo chitafufuma, nambala ya fayilo ikuwerengeka movutikira. Amalisunga pamodzi ndi khadi la kuchipatala ndi la ubatizo, ndipo amauza adzukulu kuti akadzamwalira asadzalitaye. Mu 2017 ofesi ya Ombudsman, pansi pa Martha Chizuma, inatulutsa lipoti lotchedwa Malawi's Unhealed Wounds, lonena kuti boma linawalakwira anthuwa kachiwiri ndipo liyenera kupepesa ndi kumaliza kuwalipira. Mu 2020 tinapatsidwa unduna wa umodzi, mu 2022 lamulo lokhazikitsa bungwe la mtendere ndi umodzi. Maofesi achuluka, jumbo ija ikadali yomanga.

Ndipo asatinamize kuti nkhanza zinatha ndi chipani chimodzi. Mu 2004, chisankho chitangotha, chipolopolo cha apolisi chinapha mwana wamkazi wamng'ono ku Chilobwe. Pa zionetsero za 20 Julayi 2011 anaphedwa anthu 20 m'dziko lino. N'chifukwa chake chipani chilichonse chimaiopa nkhaniyi. Chikakhala kotsutsa chimaloza magazi a chinzake pamsonkhano, chikalowa m'boma chimayamba kulalikira za kukhululukirana, podziwa kuti bukhu likatsegulidwa tsamba lake lilimo.

Chodabwitsa n'chakuti ife eni ake timadziwa bwino mmene mlandu umathera, sitifunika katswiri wochokera kunja. Mnyamata wa kabaza akagunda mwana ku Machinjiri, akwawo sadikira kuitanidwa. Amalume ake amanyamuka ndi mkulu wina, amafika pakhomo, amavula chipewa, amakana mpando n'kukhala pansi. Amanena momveka: "Tabwera ndife olakwa. Mwana wathu ndi amene anagunda mwana wanu Lachiwiri lija pamphambano." Amafunsa zimene zawonongeka kuchipatala, amasiya ufa ndi nkhuku, ndipo ngati ndalama sizikwana amanena tsiku limene adzabwere ndi zotsala. Kenako amakhala chete. Amene amanena kuti nkhani yatha ndi eni mwana, ndipo ali ndi ufulu wonena kuti mitima ikadali yowawa, mubwerenso. Amalume amene angafike ataimirira n'kunena kuti ngati mwina tinakulakwirani tiyeni tiiwale, akuluakulu a pamudzi angawabweze pomwepo. Zimene sitingalole kwa mnyamata wa kabaza, tazilola kwa London ndi kwa Capital Hill.

Ndiye chofunika n'chiyani? Choyamba ndi mayina. Mtsogoleri wa dziko, kaya ndi wa chipani chiti, aimirire m'Nyumba ya Malamulo m'dzina la boma la Malawi n'kutchula zimene boma linachita: Mikuyu, Dzaleka, mudzi wa Moto ku Mangochi, Mwanza, a Mboni, Meyi 1992, Julayi 2011. Asagwiritse ntchito mawu akuti ngati. Uthengawo umveke m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena, m'Chitonga, kuti agogo a ku Bangwe aumve okha popanda womasulira. Mafayilo a apolisi achinsinsi a nthawi imeneyo apite kunkhokwe ya zolemba zakale ku Zomba, kuti mwana amene bambo ake anatengedwa usiku akawerenge yekha chimene chinalembedwa. Alipo mabanja amene mpaka pano sadziwa pamene m'bale wawo anaikidwa, ndipo kwathu kuno munthu amene sanaone manda samaliza kulira.

Za ndalama tisanamizane kuti boma lilibe. Dziko limene linataya mabiliyoni pa Cashgate, limene limapeza ndalama za magalimoto atsopano a nduna boma lililonse likangolowa, silingauze nkhalamba ya zaka 80 kuti thumba ndi lobooka. Ngati sizingatheke kulipira onse kamodzi, bajeti ya chaka chilichonse ikhale ndi gawo lake lolembedwa poyera, kuyambira ndi okalamba ndi odwala, ndipo mndandanda wa olandira uzisindikizidwa kuti achibale a andale asalowerere pamzere. Bungwe la mtendere ndi umodzi lituluke m'mahotela, likakhale m'maholo a ku Ndirande, Chilomoni ndi Zingwangwa, limvetsere anthu. Ku South Africa bungwe lomvera madandaulo a ozunzidwa, lotsogozedwa ndi Desmond Tutu, linali ndi zofooka zake, ambiri anadandaula kuti chipukuta misozi chinachepa, koma mayi wamba anapatsidwa mpando ndi maikolofoni, dziko lonse likumva. Ife mwayi umenewo sitinawapatse amayi athu.

Tikayamba kutsuka m'nyumba mwathu, mawu athu ku London adzalemera. Unduna wa zakunja ulembe kalata ya boma, yofuna kuti Britain ivomere poyera zimene jaji wake Devlin anapeza mu 1959, ipepese chifukwa cha Nkhata Bay, Kanjedza ndi thangata, itipatse makope a mafayilo onse a Nyasaland, ndipo ikambirane za chipukuta misozi ndi mabanja eni ake, osati ndi nduna zokha monga zinachitikira ku Namibia. Maloya athu, kudzera ku Malawi Law Society, aphunzire mmene Akenya anayendetsera mlandu wawo. Pa za nthaka sindikunena kuti tithamangitse makampani a tiyi, chifukwa anthu zikwizikwi amadya pamenepo. Koma malo a esiteti amene akungogona osalimidwa, ndi malo amene nthawi ya lendi yake yatha, oyamba kuganiziridwa akhale midzi yozungulira imene makolo ake anagwira thangata. Ndipo pa Kanjedza pamangidwe khoma lolembedwa mayina a onse amene anatsekeredwa pamenepo, pa Ndirande lina la amene anafa mu Meyi 1992, kuti aphunzitsi azitengerako ana asukulu. Mayina ambiri alipo m'mafayilo, ena ali m'mitu ya anthu amoyo.

Nthawi ndi imene ikutithera. Mnyamata amene anali ndi zaka 20 pamene ankamukankhira m'lole mu 1959 lero wadutsa zaka 85, ndipo chaka chilichonse tikuika m'manda mboni zimene palibe anazijambula mawu. Ophunzira a mbiri m'mayunivesite athu, mawailesi a m'madera ndi magulu a achinyamata m'mipingo ndi m'mizikiti angathe kuyamba ntchito imeneyi mawa ndi foni ya m'manja, osadikira chilolezo cha wina aliyense. Koma za kupepesa ndi kulipira ndi za boma, ndipo boma limamva likakankhidwa. Aphungu a Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri akabwera kumaliro kapena kudzagawa ufa, tiwafunse pamaso pa anthu kuti lipoti la Ombudsman la 2017 adzalidzutsa liti m'Nyumba ya Malamulo, ndiponso kuti m'bajeti ikubwerayi anthu a Tribunal aikiridwa ndalama zingati.